Kalata kwa Lusungu, popita ku Zomba

Chibavi, Mzuzu

Wokondedwa mwana wanga Lusungu,

Za kavalidwe, za mapemphero ndi za anyamata azakhali ako akuuza kale, ndipo anakuuza bwino, sindibwereza. Ine ndatenga cholembera chifukwa cha foni imene amalume ako akugulira kuti upite nayo ku Chanco. Ndikanatha kukukhazika pansi n'kulankhula nawe, koma masiku ano mutu wako uli pa ulendo, ndipo mawu a pakamwa angatsale pa depoti. Pepalali ukaliwerenge ukakhazikika.

Ukudziwa kuti fizi yako yachokera pa kabenchi kanga kotumizira ndi kutapitsa ndalama. Ntchito imeneyi yandionetsa zambiri za anthu kuposa zimene abusa awo amadziwa. Ndimadziwa amene walandira malipiro, amene mwamuna wake ali ku Joni wasiya kutumiza, amene akutumiza ndalama mobisa kwa mkazi wina ku Mchengautuwa. Sindinafunsepo aliyense. Nambala, dzina ndi kuchuluka kwa ndalama zimandiuza zokha. Tsono ganiza: ngati ine, mayi wokhala pansi pa ambulera ndi kabuku kamodzi, ndimadziwa zonsezi, nanga amene ali ndi makina odutsamo mauthenga a dziko lonse amadziwa zochuluka bwanji? Funso limeneli ndilo landilembetsa kalatayi.

Ndiyambe ndi zapafupi. Pini yako ndi yako wekha. Anthu ambiri amandipatsa foni n'kutchula pini mokweza, pamzere pali anthu, ndipo ukawafunsa umapeza kuti ndi chaka chimene anabadwa. Iwe usatero, ngakhale kwa ejenti wooneka wokhulupirika. Lemba wekha, chala china chitaphimba. Ukamalemba nambala yako m'buku la ejenti, dziwa kuti maso a amene ali kumbuyo kwako amawerenganso. Atsikana ambiri amadabwa kuti mlendo wapeza kuti nambala yawo, chonsecho anaitenga pomwepo.

Akathyali a pa foni nawo ndi odziwa kulankhula. Wina adzati watumiza ndalama kwa iwe molakwika, ubweze, ndipo uthenga wooneka ngati weniweni udzabweradi. Usanachite kalikonse yang'ana ndalama zimene zili mu akaunti mwako. Wina adzati wapambana mphoto, wina kuti katundu wako wafika pa chipata cha Mwanza, wina kuti ndi wa ku ofesi ya ngongole za ophunzira. Apolisi anenapo kangapo kuti mafoni ena otere amaimbidwa kuchokera m'kati mwa ndende ya Zomba, tauni yomwe ukupitayo. Chida chawo chachikulu ndi kukufulumizitsa. Munthu akakuuza kuti uchite pompano, dula foni. Ndipo manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa foni yako usapatse munthu aliyense, ngakhale uthenga wopempha utachokera pa nambala ya mnzako, chifukwa amene wawalandira amalanda WhatsApp yako n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale ako m'dzina lako. Muli malo oikapo pini yachiwiri m'menemo. Ika lero.

Tsopano chiphaso cha unzika. Pamene boma linkalemba anthu mu 2017, tinaima pamzere, anatijambula nkhope ndi zidindo za zala zonse. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala ya foni iliyonse ilembetsedwe, yosalembetsa itsekedwe. Kuyambira pamenepo dzina lako, nkhope yako, nambala yako ndi ndalama zako zinamangidwa mtolo umodzi. Ubwino wake ulipo, sindikana. Ntchito yanga inapepukako. Koma tanthauzo lake ndi lakuti wina akalembetsa simukhadi pa chiphaso chako n'kuberapo anthu, apolisi adzagogoda pa chitseko chako. Usabwereke munthu chiphaso kuti akalembetsere nambala, angakhale atalira bwanji. Usatumize chithunzi chake pa WhatsApp kwa munthu amene sunamuonepo mu ofesi. Kumalo kumene akufuna fotokope, funsa kuti ndi ya chiyani, ndipo ulembepo ndi cholembera tsiku ndi ntchito yake. Ena adzakuona ngati wovuta. Safunsa anadya phula.

Usaganize kuti zimene zasungidwa m'makina a maofesi akuluakulu zili pabwino nthawi zonse. Mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makina a mapasipoti n'kumafuna dipo, ndipo kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata. Ngati zinatheka kumeneko, kakampani kongotulukira dzulo kokupempha chiphaso ndi nkhope kuti kakukongoze ndalama pa foni kangasunge bwanji zako? Katapila wa pa foni ndi woipa kuposa wa kumsika, pakuti ena mwa iwo amayamba apempha chilolezo choona manambala onse a m'foni mwako, ndipo ukachedwa kubweza amalembera aphunzitsi ako, abale ako ndi anzako kuti ndiwe wakuba. Ku Kenya zimenezi zinavuta mpaka boma linalowererapo.

Pali nkhani ina imene sindinakufotokozere mokwanira, ya mmene ife tinakulira. Ndili msinkhu wakowu, munthu sankalankhula za boma m'basi, m'kalasi, ngakhale pamaliro. Panali apayoniya, panali ayufi, panali apolisi ovala wamba, ndipo panalinso akapirikoni amene unkadya nawo mbale imodzi. Makalata ochokera kunja ankatha kufika atatsegulidwa. Agogo ako ankatsitsa mawu a wayilesi mpaka kumamvera khutu litagunda pa wayilesiyo. Mlakatuli Jack Mapanje anatengedwa mu 1987 n'kukhala ku Mikuyu, kufupi ndi komwe ukupitako, mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika dziko lonse, kuphatikizapo ku St Peter's kuno. Inanena zinthu zimene aliyense ankazidziwa koma palibe ankazitchula. Patapita masiku ochepa, kupezeka ndi kalatayo kunasanduka mlandu, anthu anamangidwa chifukwa choichulukitsa pa makina a fotokope, ndipo Monsignor John Roche, amene ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko mwezi wotsatira. Komabe mapepala anayenda, m'zikwama za amayi ndi m'masokosi a ana asukulu, ndipo pa 14 June 1993 tinavota pa riferendamu.

Ndikukuuza izi pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ufulu wosunga chinsinsi anthu anauvutikira. Uli m'malamulo aakulu a dziko lino, gawo 21, ndipo umanena momveka kuti munthu asasechedwe mwachisawawa, asalandidwe katundu wake, ndiponso makalata ndi mauthenga ake a pa lamya asasokonezedwe. Ukamva wina akunena kuti wopanda cholakwa alibe chobisa, umukumbutse kuti agogo ako analibe cholakwa chilichonse. Chachiwiri, kapirikoni wa masiku amenewo ankayenera kukumva ndi makutu ake, kukumbukira, n'kukanena, ndipo iwe unkatha kukana. Lero mawu ako umawalemba wekha, pali dzina lako, tsiku ndi nthawi.

Mu May 2022 namwino wina wa ku Ntcheu anamangidwa chifukwa cha mawu amene analemba okhudza pulezidenti pa zokambirana za pa WhatsApp. Mu May 2024 khoti la ku Dowa linapeza bambo wina wa ku Mponela wolakwa chifukwa cha kanema wonyoza pulezidenti amene anaika pa gulu la WhatsApp la kudera kwawo, ndipo anamulamula kulipira K200,000 kapena kukakhala kundende miyezi 6. Lamulo limene limagwiritsidwa ntchito pa milandu yotere ndi la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti. Uone bwino mmene zinthuzi zimayendera. Ndi zoona kuti uthenga wa WhatsApp umayenda wotsekedwa, moti wa kampani ya foni sangauwerenge panjira. Koma ukafika pa gulu la anthu 200, wafika pa mafoni 200, ndipo mwini foni aliyense angathe kuujambula n'kupita nawo kumene afuna. Gulu la kalasi, la kwaya, la ana a kumpoto a pa sukulupo, onsewo ndi bwalo la anthu ambiri. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Usandimve molakwa, mwana wanga. Sindikukutuma kusukulu kuti ukakhale chete. Ine kumanga munthu chifukwa chonyoza mtsogoleri sindigwirizana nako, kaya pampando pali ndani, ndipo ndingakhumudwe utabwerako uli munthu woopa kutsutsa cholakwika. Mzinda uno unaika ana ake ku manda a Zolozolo pambuyo pa zionetsero za pa 20 July 2011, ndipo ife amene tinamva mfuti tsiku limenelo sitingaphunzitse ana athu mantha. Chimene ndikufuna n'chakuti ukalankhula, ulankhule utasankha, mawu oti ungawabwereze pamaso pa woweruza mutu uli m'mwamba. Dzudzula ntchito ya munthu, tchula zimene ukuzidziwa kuti n'zoona, matukwana uwasiye. Usagwe m'mavuto chifukwa cha kanema amene unangomupatsira ena usiku uli ndi tulo.

Za makina a boma ndinene mwachidule. Cha m'ma 2011 kunali mkangano waukulu pa makina amene MACRA inagula ku kampani ya ku America, otchedwa CIRMS. Bungweli linkati ndi oyezera ngati makampani a foni akutumikira bwino ndi kulipira msonkho woyenera. Anthu ambiri ankati ndi a ukazitape, chifukwa ankatha kuona amene waimbira ndani, liti, kwa nthawi yaitali bwanji. Nkhaniyi inazungulira m'makhoti zaka zingapo mpaka khoti lalikulu la apilo linaloleza. Kumayambiriro kwa 2025 kunamvekanso zoti bungwe lomwelo likugula ku kampani ya ku Ghana makina a ndalama zokwana madola 1.5 miliyoni otsatira nkhani zabodza pa masamba a mchezo. Mu April 2022 apolisi ku Blantyre anagwira mtolankhani Gregory Gondwe n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene anamupatsa chikalata china cha boma, ndipo mu February 2024 analanda mafoni ndi makompyuta a atolankhani angapo a MBC pofufuza tsamba lina la Facebook. Phunziro lake kwa iwe ndi lakuti foni ikagwidwa, sagwira iwe wekha. Amagwira aliyense amene anakulemberapo. N'chifukwa chake foni izikhala yokiya nthawi zonse, ndipo wapolisi akaifuna, umufunse mwaulemu chikalata cha khoti, ulembe dzina lake, undiimbire.

Lamulo loteteza mbiri ya munthu linabwera mu 2024. Limakupatsa mphamvu yofunsa kampani kapena ofesi zimene ikusunga zokhudza iwe, kukonzetsa zolakwika, ndi kupempha kuti zina zifufutidwe. Ndi lamulo labwino, ulidziwe, ndipo anzako ophunzira zamalamulo akakufotokozere bwino. Chondidetsa nkhawa n'chakuti woyang'anira lamuloli ndi MACRA yomweyo imene imagula makina oonera anthu. Ine ndikanakonda likanakhala bungwe lapadera.

Koma amene amakudziwa kwambiri sali ku Lilongwe. Facebook, Instagram ndi WhatsApp mwini wake ndi mmodzi, kampani ya Meta ya ku America. Sulipira polowa chifukwa ndalama zawo amazipeza kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsawo amalipira kuti afikire munthu wodziwika bwino: msinkhu wake, kumene ali, zimene amayang'ana nthawi yaitali, zimene amafufuza pakati pa usiku. Mu 2018 zinaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica inatenga mbiri ya anthu okwana mwina 87 miliyoni a pa Facebook kudzera pa timafunso tooneka ngati masewera, n'kumaigwiritsa ntchito pa ndale. Kampani yomweyi inagwiranso ntchito pa zisankho za ku Kenya. Mu 2023 anthu ku Nairobi anaima pamizere italiitali kuti makina a Worldcoin awajambule m'maso posinthana ndi kandalama, mpaka boma linaimitsa. Umphawi umatigulitsitsa zinthu zimene sitingaziombolenso. Pini ikadziwika umasintha, koma diso ndi chala ulibe china.

Sindikuti utaye foni. Ndi momwe muzidzatumizirana zophunzira, ndi momwe ndizidzamvera mawu ako. Ndikungoti ukhale mwini wake. Lowa m'malo osinthira zinthu, uone kuti ndi ma app ati amene akuona kamera, manambala ndi malo amene uli, uchotse chilolezo kwa amene alibe nazo ntchito. Tochi ya pa foni ilibe chifukwa chodziwira abale ako. Ukagwiritsa ntchito kompyuta ya ku laibulale, tuluka mu akaunti usananyamuke. Pasiwedi ya imelo isafanane ndi ina iliyonse, pakuti wolowa mu imelo amatsegula zonse. Foni ikawonongeka, chotsa simukhadi ndi memore khadi usanaisiye kwa okonza, ndipo ngati n'kotheka ukhale pomwepo. Chithunzi cha pakhomo pa hositelo yako, kapena cholengeza kuti uli pamalo akutiakuti pakali pano, uchiike utachokapo kale, kapena osachiika n'komwe.

Tsopano ndifike pamene mtima wanga uli. Udzakonda munthu, ndipo zimenezo n'zachilengedwe. Tsiku lina adzakupempha chithunzi chimene sungandionetse ine, n'kulumbira kuti ndi cha iye yekha, achifufuta akangochiona. Mwina pa nthawiyo adzakhala akunena zoona. Koma foni imabedwa, imabwerekedwa, imapita kokakonzetsa, ndipo chikondi chimatha pamene chithunzi chikadalipo. Chili ngati ufa wotayikira pamchenga: ungawole bwanji, sungaubwezere wonse m'thumba. Ndaona mtsikana wa m'dera lathu lino akusiya sukulu, akusiya kwaya, mapeto ake n'kusamukira kwa achibale kutali, pamene mnyamata amene anamwaza zithunzizo ankayenda pamsewu akuseka ndi anzake. Anthu onse ananyoza mtsikanayo. Ngakhale amayi anzanga, amene anayenera kumufunditsa chitenje, ankapatsirana zithunzizo kumsika. Mpaka lero zimandiwawa.

Choncho ukane. Ndipo mwamuna wofuna pasiwedi yako, wofuna kuwerenga mauthenga ako, wofuna kuti foni izimuonetsa pamene uli usana ndi usiku, ameneyo akufuna kukulamulira, ngakhale azitchula kuti chikondi. Zimayamba ndi foni.

Koma tamvera bwino apa, chifukwa ndi pofunika kuposa zonse ndalembazi. Zitachitika kuti chithunzi chilipo kale, kapena wina akukuopseza kuti achimwaza ukapanda kumupatsa ndalama kapena thupi lako, usalipire, usadzibise, ndipo usaganize zodzipweteka. Woopseza akalandira kamodzi amabweranso. Sunga mauthenga ake onse monga umboni, upite ku polisi ku ofesi yothandiza ozunzidwa, pakuti lamulo la 2016 lomwe lija limaletsa kuopseza ndi kuzunza munthu pa intaneti. Ndipo undiimbire ine poyamba, nthawi iliyonse. Sindidzakufunsa kuti unachitiranji. Ndidzatseka benchi n'kukwera basi ya usiku womwewo. Bambo ako ndidzalankhula nawo ndine.

Chinsinsi cha anzako uchisunge monga chako. Chithunzi cha mtsikana mnzako chikafika pa foni yako, chithere pa iwe, ndipo wotumizayo umuuze kuti walakwa. Mnzako wa m'chipinda akakuuza za matenda ake, kapena ukaona mankhwala amene amamwa, nkhaniyo si ya pa gulu. Pa ngozi ya pamsewu usajambule ovulala. Pali mabanja amene amva za imfa ya mwana wawo poona chithunzi cha mtembo pa Facebook, mwambo wathu wotuma munthu wamkulu kukanena uthenga usanachitike. Ngakhale ana a achemwali ako, usawaike pa intaneti osapempha makolo awo.

Chinanso ndi ntchito zolengezedwa pa Facebook. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito zabwino ku Oman, ena kudzera pa Facebook, n'kukapezeka ali akapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Oposa 50 anabwerera kwawo mothandizidwa ndi gulu la WhatsApp limene mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America anayambitsa. Foni yomweyo inawakola, foni yomweyonso inawaombola. Munthu wokulonjeza ntchito kapena sukulu ya kunja, amene akufuna chithunzi cha pasipoti ndi ndalama iwe usanaone ofesi yake, undiuze tifufuze limodzi.

Nanenso ndili ndi lonjezo. Mnzanga wina anandilangiza kuti ndiike m'foni mwako kanthu kondionetsa pamene uli, iwe osadziwa. Ndakana. Sindingakuphunzitse kuti moyo wako ndi wako kwinaku ndikukuzonda. Sindidzatuma wophunzira mnzako kuti azindiuza zochita zako, ndipo ukabwera patchuthi foni yako sindidzaigwira. Ukamayenda usiku kapena ulendo wautali n'kufuna kuti ndizikuona pamene wafika, udzanditumizira wekha, ndipo ukafika udzatseka wekha.

Tipangane chinthu chimodzi. Uthenga ukabwera kwa iwe wonena kuti ndadwala, ndili ku chipatala cha Central, tumiza ndalama pa nambala iyi, usatumize usanamve mawu anga kapena a bambo ako pa manambala amene ukuwadziwa. Nanenso ndikalandira wotere wonena za iwe, ndidzaimba kaye. Ngati woimbayo akumveka ngati ine koma ukukayika, pakuti masiku ano makina amatha kutsanzira mawu a munthu, umufunse dzina limene agogo ako a ku Ekwendeni ankakuitana uli wakhanda. Dzinalo usalilembe paliponse, ndipo ine sindinalilembe muno.

Manambala anga, a bambo ako ndi a amalume ako uwalembe kuseri kwa kope, chifukwa foni ikabedwa mutu sukumbukira. Ulembenso nambala yaitali ya foniyo imene ili pa katoni yake, apolisi amaifunsa. Juzi yofiira ija ndaiika pamwamba m'chikwama. Pa Chikangawa pamazizira usiku, ndipo ku Zomba nakonso June sasewera. Khofi ndi mpunga wa Kilombero zili m'kathumba kapadera, ukagawireko amene udzagone naye chipinda chimodzi. Ukafika pa Jenda undiimbire, ukafikanso ku Zomba undiimbire.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga.

Ndine mayi ako.